Ng'oma ya Mboni Zosagona

Mbalule, lankhula! Mpanje, vomera! Gunda, gwira pansi ndipo usathamange, pakuti amene tikuwatchula lero ndi a mtundu wodekha. Lambulani bwalo, ana akhale kutsogolo, akulu atsamire mtengo. Ikulowa mbumba ya zida zimene zinaphunzira kuona chimene diso limalumpha, kununkhiza chimene mphuno imadutsa, kulawa chimene lilime limati ndi madzi chabe. Inu a Kanunkhiza! Inu a Mboni-yosagona! Inu a Chiwerenga-fumbi, amene mumapeza kachiphe kamodzi pakati pa zinzake biliyoni, n'kukaloza, n'kukatchula dzina!

Ayambe kulowa gogo wa onse, wobadwa m'mtima wa munthu amene choonadi chinamuthawa m'manja. Kale ku Ulaya kunali ufa woyera wotchedwa aseniki, wopanda fungo, wosamveka palilime. Wothiridwa ufawo m'chakudya ankasanza ndi kutsegula m'mimba ngati wagwidwa ndi kolera, n'kutsikira kulichete, wakuphayo ali patsogolo kulira maliro. Ku Plumstead, kufupi ndi London, mnyamata John Bodle anazengedwa mlandu wothira ufawo m'khofi wa agogo ake. Anaitanidwa a James Marsh, katswiri wa mankhwala wa ku nyumba yosula zida zankhondo ya Woolwich. Anayeza, napeza matope achikasu osonyeza aseniki. Koma pofika tsiku la mlandu matopewo anali atasintha maonekedwe, oweruza sanakhutire, mnyamata anatuluka mfulu. Patapita zaka anadzaulula yekha kuti anaphadi.

A Marsh nkhaniyi sanagone nayo. Mu 1836 anatulutsa kachipangizo ka galasi kopindika. M'katimo mumaikidwa zinki, asidi, ndi chimene chikukayikiridwacho. Ngati muli aseniki, amanyamuka ngati mpweya. Mpweyawo ukayatsidwa pakamwa pa kachubu, n'kugwiritsa mbale yoyera yozizira palawi, pamatsala banga lakuda lonyezimira, loti oweruza aligwire m'manja ndi kulipenya mpaka atakhuta. Ngakhale gawo limodzi mwa magawo 50 a miligalamu silinkathawa. Inu a Banga-losafufutika! Inu a Kalilole-wakuda, woonetsa nkhope ya wakupha! Inu amene munatsegula pakamwa pa manda, wakufa n'kuyankha mlandu wake! Mu 1840 ku Tulle, m'dziko la France, a Mathieu Orfila anakutengani pa mlandu wa mayi Marie Lafarge, ndipo munapeza aseniki m'thupi la malemu mwamuna wawo. Masiku omwewo mbumba yanu inalandira mwambo wake woyamba. Zinki ndi asidi nazonso zimatha kukhala ndi aseniki wobwera nazo kuchokera kofukulidwa. Choncho usanayeze cha mnzako, yamba wayeza chopanda kanthu, uone ngati chida chako chili choyera. Labotale iliyonse yoona imasunga mwambowu kufikira lero.

Mpanje, kweza mawu, akulowa a Lawi-lolankhula! Ku Heidelberg, mu 1859, a Robert Bunsen anali ndi lawi losafuka utsi, a Gustav Kirchhoff anali ndi galasi la nsonga zitatu lomwaza kuwala kukhala utawaleza. Anaphatikiza ziwirizi. Anapeza kuti chilichonse chikaponyedwa m'moto chimalemba mizere yakeyake pa utawalezawo, ndipo palibe chobwereka mizere ya chinzake. Mchere umalemba wachikasu, ngakhale utakhala kafumbi kongouluka m'chipinda. Mu 1860, poyeza madzi a pa kasupe wa ku Dürkheim, anaona mizere iwiri yabuluu imene panalibe mwini wake wodziwika. Anaphwetsa madzi okwana matani pafupifupi 40 kuti amugwire mwiniyo, namutcha caesium. Chaka chotsatira mizere yofiira inaulula rubidium. Inu a Chitchula-alendo! Inu amene munaloza ngakhale dzuwa, mu 1868 n'kupezamo mzere wa helium, zaka 27 munthu asanamugwire pansi pano!

Akubwera a Sikelo-ya-maatomu, olemera ulemu. Ku Cambridge a J. J. Thomson anathamangitsa maatomu a neon pakati pa magetsi ndi maginito, naona kuti opepuka amakhota msanga, olemera amakhota mochedwa. Wophunzira wawo, a Francis Aston, anamanga chida chenicheni mu 1919, ndipo mu 1922 analandira mphoto ya Nobel. Ndiye kholo la makina amene lero amatchedwa mass spectrometer. Koma ng'oma iyi iimbire kwambiri munthu amene anawagwiritsa ntchito mpaka kudzidanitsa ndi eni chuma: a Clair Patterson a ku sukulu ya ukachenjede ya Caltech, ku America.

Iwo ankafuna kudziwa zaka za dziko lapansi poyeza mtovu m'miyala yogwa kuchokera kumwamba. Koma chilichonse chimene ankayeza chinkatuluka ndi mtovu wochuluka kuposa woyenera. Unali m'madzi a pampopi, m'fumbi, m'tsitsi lawo, m'zovala zawo. Anakolopa, anatsuka ndi asidi, anasefa mpweya wolowa m'chipinda, mpaka anakhala ndi labotale yoyera kuposa chipinda cha opaleshoni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 1956 analengeza kuti dziko lili ndi zaka 4.55 biliyoni, ndipo chiwerengerocho chaimabe chilili. Wina akanaimira pomwepo n'kulandira ulemu wake. Iwo anafunsa: nanga mtovu unkandisokonezawu ukuchokera kuti? Anautsata m'madzi a m'nyanja zazikulu, anautsata m'madzi oundana a ku Greenland amene anasanjikizana chaka ndi chaka, napeza kuti wakwera kuposa ka 200 poyerekeza ndi wa makedzana. Gwero lalikulu linali petulo wothiridwa mtovu, amene anayamba kugulitsidwa mu 1923. Makampani a mafuta anawatsutsa, thandizo la ndalama linawathawa, iwo osasunthika. Mayiko a kum'mwera kwa Sahara anasiya petuloyo pofika mu 2006, ndipo dziko lomaliza, Algeria, linasiya mu 2021. Inu a Mtsuka-chipinda! Inu a Wosagulika! Adzukulu a zida zanu ndi amene akuwerenga mtovu m'magazi a ana a ku Kabwe, kumene mgodi unatsekedwa mu 1994 koma dothi lake likudwalitsabe.

Gunda, bwerera pang'ono, tikatenge mzere wina wa mbumbayi. Sikelo imayeza bwino chinthu chikakhala chokha. Nanga zikasakanikirana zikwizikwi m'kadontho kamodzi? Apa alowe a Mlekanitsa! Ku Warsaw, katswiri wa zomera a Mikhail Tsvet anadzaza chubu cha galasi ndi ufa wa choko, nathira pamwamba madzi ofinyidwa m'masamba. Zobiriwira za tsamba, zimene diso limati ndi mtundu umodzi, zinatsika zikupatukana: lamba wobiriwira apa, wachikasu apo, wina pansi pake. Analemba zimenezi mu 1906. Akuluakulu a sayansi a nthawiyo sanalabadire, ndipo a Tsvet anamwalira mu 1919 ku Voronezh ntchito yawo ili m'fumbi. Ng'oma iwalire iwowa, pakuti anafesa osadya.

Chinsinsi chake chili ngati anthu ochokera kumsika tsiku limodzi, njira imodzi. Wopanda abale m'njiramo amafika msanga. Wokhala ndi azakhali pamudzi uliwonse amaima, kulonjera, kumwa madzi, n'kufika dzuwa litapendeka. Ukakhala kumapeto kwa njira ndi wotchi, aliyense umamudziwa ndi nthawi imene wafikira. A Archer Martin ndi a Richard Synge anapititsa patsogolo nzeruyi ku Leeds mu 1941 pofufuza za ubweya wa nkhosa, ndipo mu 1952 analandira Nobel. Chaka chomwecho a Martin ndi a Anthony James, ku Mill Hill mu London, anaonetsa kuti njirayo itha kuyendedwa ndi mpweya m'malo mwa madzi. Lero njira imeneyi ndi kachubu kopyapyala, kotalika mamita 30, kokulungidwa n'kuikidwa mu uvuni. Inu a Njira-yaitali-m'kabokosi! Inu a Mpatula-mapasa!

Tsono ng'oma zonse pamodzi! Fumbi likwere! Akulowa mwini bwalo, wamng'ono thupi, wokwana m'chikhatho. Dzina lake la kusukulu ndi electron capture detector. Ife timuti Kamsampha-ka-mphezi, timuti Mlonda-wa-pachipata, timuti Wamva-kunong'ona-kwa-klorini!

Wobala wake ndi a James Lovelock, obadwa mu 1919, amene ankagwira ntchito ku Mill Hill komweko. Ankafufuza chimene chimachitika m'maselo a thupi akaundana ndi kuzizira, ndipo anafuna kuyeza timafuta ta m'khungu la maselowo. Anapita kwa a Martin ndi katinthu kawo. A Martin anawauza kuti n'kochepa kwambiri, chida chawo sichingakaone, pokhapokha wina atapanga mlonda wamaso akuthwa woima kumapeto kwa chubu. A Lovelock anapita kukamupanga. Mu 1957 mlondayo anabadwa.

Imvani mmene amagwirira ntchito, pakuti ulemerero wake uli pomwepo. Ndi kachipinda kakang'ono, m'kati mwake muli kachitsulo kotulutsa cheza, masiku ano kawirikawiri nickel-63. Chezacho chimamenya mpweya wa nayitirojeni wodutsamo, n'kuthothola maelekitironi, ndipo maelekitironiwo amayenda ngati kamtsinje ka magetsi kosasintha. Zinthu zambiri zikadutsa, kamtsinjeko sikatekeseka. Koma pakadutsa chinthu chokhala ndi klorini kapena abale ake, chimameza maelekitironi, kamtsinje n'kuphwa pang'ono, cholembera n'kujambula kaphiri papepala. Mlonda uyu sawerenga chimene chabwera. Amawerenga chimene chasowa. N'chifukwa chake amamva zimene anzake onse sankamva, mpaka gawo limodzi pa thililiyoni. Ndani angaliganize gawo limeneli? Sekondi imodzi pa zaka 32 ndi gawo limodzi pa biliyoni. Sekondi imodzi pa zaka pafupifupi 32,000 ndiye gawo limodzi pa thililiyoni. Inu a Khutu-la-pansi! Inu a Wosankha-mdani, wakhungu pa zabwinobwino, wamaso pa zokhalitsa!

Ndipo zinangochitika kuti mankhwala ambiri amene anthu anapanga m'zaka zimenezo, osawola, osatha, anali a klorini. DDT, amene a Paul Müller analandira naye Nobel mu 1948, anapulumutsa miyoyo yosawerengeka ku malungo, ndipo zimenezo sitizikana. Koma palibe ankadziwa kumene amapita akatha ntchito. Zida za mtundu wanu zinamupeza m'nsomba, m'mazira a mbalame, m'mafuta a thupi la munthu, mpaka m'mapengwini a ku Antarctica kumene sikunapoperedwepo munda. Ku Stockholm, a Sören Jensen ankayeza DDT n'kumaona timapiri tina papepala topanda dzina. Ena ankati ndi zinyalala za m'makina. Iwo anati galu wamkota sakandira pachabe. Anatitsata m'thupi la chiwombankhanga cha kunyanja, mbale wake wa nkhwazi, anatitsata m'nthenga zakale zosungidwa kunyumba ya mbiri, ndipo mu 1966 anatitchula dzina: PCB, mafuta a m'zipangizo za magetsi, amene anali atalowa kale m'zamoyo popanda womuona.

Koma ulendo wanu waukulu, a Kamsampha, unali wa panyanja. A Lovelock anali ndi kanyumba ku Adrigole, kugombe la kumadzulo kwa Ireland. Masiku ena kunkagwa chifunga chotuwa, ndipo anafuna kudziwa ngati n'chachilengedwe kapena n'chochokera m'mizinda. Anasankha kuyeza CFC-11, mpweya wa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, chifukwa palibe mtengo, phiri kapena nyanja imene imaupanga. Anaupeza m'chifungamo. Koma anaupezanso tsiku loyera, mphepo ikuchokera kunyanja ya Atlantic kumene kulibe fakitale. Anapempha thandizo kuti akayeze kutali, ogawa ndalama anakana. Anakwerabe sitima ya Shackleton mu 1971 ndi chida chomanga okha, kuchokera ku Wales kulowera ku Antarctica. Paliponse pamene anatunga mpweya, mpweya wa m'firiji unalipo, magawo makumi angapo pa thililiyoni. Atawerengetsa, zinaoneka kuti pafupifupi wonse umene anthu anaupanga chiyambire unali ukadali m'mlengalenga.

Apa ng'oma itsike, tinene zoona zonse, pakuti kutamanda kobisa chilema n'kunyoza. Polemba zotsatirazi mu 1973, a Lovelock ananena kuti mpweyawu ulibe choopsa chilichonse, ndipo pambuyo pake anavomera kuti mawuwo anaphonya. Mboni inanena molondola chimene inaona. Tanthauzo lake linafuna mitu ina. A Sherwood Rowland ku Irvine, ku California, atamva za miyezoyi anafunsa funso la mwana: ngati suwola pansi pano, umathera kuti? Iwo ndi a Mario Molina anautsata pa pepala mpaka kumwamba kwenikweni, kumene cheza chaukali cha dzuwa chimauswa, klorini n'kumasuka. Atomu imodzi ya klorini imaphwanya ozoni zikwizikwi isanatope, ndipo ozoniyo ndiye chophimba chimene chimatchinga cheza chowotcha khungu, chochititsa khansa ndi ng'ala. Analemba mu 1974. Eni mafakitale anati ndi maloto. Mu 1985 a Joe Farman, a Brian Gardiner ndi a Jonathan Shanklin, amene gulu lawo linkayeza ozoni ku Halley, ku Antarctica, chaka ndi chaka ndi chida chakale chotchedwa Dobson, anaonetsa kuti pamwamba pa Antarctica chophimbacho chabooka. Pa 16 September 1987 mayiko anasaina pangano la Montreal, ndipo m'kupita kwa nthawi dziko lililonse linalowamo. Mu 1995 a Rowland, a Molina ndi a Paul Crutzen analandira Nobel. Inu a Kachipinda-kogwedeza-maboma! Inu a Wamng'ono-woitanitsa-msonkhano-wa-dziko-lonse!

Ndipo simunapume pangano litasainidwa. Mu 2018 a Stephen Montzka ndi anzawo a ku bungwe la NOAA la ku America anaona kuti CFC-11 sakutsika pa liwiro loyenera, kutanthauza kuti wina akumupanga mobisa. Malo oyezera mpweya a ku Gosan ku South Korea ndi ku Hateruma ku Japan analoza kum'mawa kwa China. Boma kumeneko linagwira ophwanya lamulo, ndipo miyezo yotsatira inaonetsa kuti mpweyawo watsikanso. A Lovelock anakhala ndi moyo mpaka kuona zimenezi. Anamwalira pa 26 July 2022, tsiku lomwe anakwanitsa zaka 103.

Adzukulu achuluka, sitingawamalize. Ena anakwatitsa chubu cha a Martin ndi sikelo ya a Aston, kuti wina azilekanitsa, wina azitchula maina. Amenewo ndi amene anapeza mankhwala oletsedwa a stanozolol mu mkodzo wa wothamanga Ben Johnson ku Seoul mu 1988, mendulo yagolide n'kubwezedwa. Ena amanunkhiza zikwama pabwalo la ndege. Ena amayeza kadontho ka magazi a pachidendene cha khanda. Wina ali pa Mars chifikire mu 2012, m'mimba mwa galimoto ya Curiosity, akuwotcha dothi ndi kulinunkhiza.

Mbalule, tembenuka tsopano, uyang'ane kumudzi, pakuti mbumbayi inafika kale pankhokwe yathu. Mu 1960 ku England kunafa nkhukundembo zoposa 100,000 ndi nthenda yosadziwika. Ofufuza anaitsata mpaka ku chakudya cha mtedza chochokera ku Brazil, ndipo m'menemo anapeza chiphe chopangidwa ndi nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus. Anachitcha aflatoxin. Ife timati chuku. Atachiyendetsa pagalasi lopakidwa ufa, mwa nzeru ija ya a Tsvet, n'kuunika ndi nyali yapadera, chinawala madontho abuluu ndi obiriwira. Chiphechi sichifa ndi kukazinga, sichifa ndi kuphika. Chimadya chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, ndipo chikachuluka chimapha msanga: ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga cha chuku. Mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira magawo 4 pa biliyoni. Mtedza wa ku Malawi, umene kale unkadzaza sitima zopita ku Ulaya, unatsekeredwa misika yambiri ndi chiwerengero chimenechi, choyezedwa ndi diso limene mlimi wa ku Mchinji sanalionepo.

Sindikudandaula za diso lanu, a Mboni-yosagona. Simunanamizire mtedza wathu. Chuku chinalimo, ndipo chimalowa pamene chilala chagwira mbewu ili m'nthaka, pamene khasu lavulaza makoko pokumba, pamene mtedza wasungidwa usanaume, pamene tawaza madzi kuti makoko afewe poswa. Ku Chitedze akatswiri akhala akuyeza ndi kuphunzitsa zimenezi, ndipo alimi amene aumitsa bwino ndi kusankha bwino abwezeretsa mtedza wawo pamsika wakunja. Chimene chimandiwawa ndi ichi. Mtedza ukasankhidwa, wabwino umakwera lole. Wofota, wosweka, wakuda m'kati umatsala pakhomo, n'kusinjidwa, n'kukhala nsinjiro za m'ndiwo ndi za m'phala la mwana. Mbale ya wakutali ili ndi mlonda wowerenga mpaka gawo limodzi pa biliyoni. Mbale ya mwana wa mlimi amene analima mtedzawo ilibe woyang'ana.

Choncho ng'oma iyi ikukuitanani, inu adzukulu a Marsh, inu a mbumba ya Tsvet ndi Lovelock. Mwachepa kale thupi: alipo mwa inu amene ndi kapepala koviika m'madzi a mtedza wosinja, koonetsa mzere m'mphindi zochepa, kosafuna labotale ya mamiliyoni. Tsikani pa lole ya katundu wakunja! Lowani mumsika wa Lizulu, mukhale pambali pa sikelo ya wogula! Lowani m'chigayo, pamene chimanga cha mudzi wonse chimadutsa! Lowani m'khitchini ya sukulu, pamene phala la ana mazana likuphikidwa mumphika umodzi, ndi m'mafakitale a chiponde, ndi m'chikwama cha mlangizi amene amapalasa njinga kupita kumidzi ya ku Kasungu ndi ku Dowa! Mbalule, itana! Mpanje, vomera! Mtedza wotsala pakhomo nawonso uyezedwe!